Kuchoka pa Mandala kukafika ku Mbombwe pa kapalasa

Njinga yanga ndi ya kaunjika. Ndinaigula mu Limbe chaka chatha adokotala atandiuza kuti BP yanga ikuthamanga kuposa mwini wakene, ndipo ndikapanda kuyamba kutuluka thukuta ndiye kuti mapilisi tsiku ndi tsiku mpaka kumanda ngati mmene zinalili ndi malemu bambo anga. Ku jimu ndinayesako mwezi umodzi, ndalama yake inkawawa kuposa zitsulozo. Kuthamanga bondo linakana. Nde panatsala kapalasa basi. Tsiku lomwe ndinafika nayo pakhomo ku Chilomoni madamu anaseka mpaka kugwira khoma, amvekere bambo mwayamba kabaza kodi, mutiuze tizikwera ulere. Ili ndi magiya 18 koma omvera alipo mwina 11, enawo ukawaitana amangolira khetekhete kenako tcheni pansi.

Miyezi yoyamba ndinkangozungulira ngati galu wosowa pogona, kuchoka ku Chilomoni kulowa mtauni, kutsetsereka msewu wa Chileka, Chirimba, Kameza, tsiku lina mpaka ku eyapoti kukaima kumpanda nkubwerera. Thupi linkasangalala koma mutu unkaboweka, kupalasa kopanda kolowera kumatopetsa maganizo miyendo isanatope. Chomwe chinasintha zinthu ndi tcheni chomwechi. Lamulungu lina m'mawa chinagwera pa Mandala, pafupi ndi nyumba yakale yosanja ija ya khonde lalitali, ndipo ndili chiweramire manja ali bii ndi girisi ndinadzifunsa kuti kodi nyumba imeneyi ndaidutsa kangati osaiponyera ndi diso lomwe. Ndinabadwira mu Blantyre muno, zaka 39 tsopano, koma ndinali ndisanapondemo.

Ndinabwererako mkati mwa sabata. Nyumbayo inamangidwa mu 1882 ndi a African Lakes, kampani ya azungu a ku Scotland yomwe inkayendetsedwa ndi pachibale awiri, John ndi Frederick Moir, ndipo dzina loti Mandala linachokera ku magalasi omwe John ankavala, anthu ataona akunyezimira basi dzina linamera pompo, mpaka lero dera lonselo ndi Mandala. Pamwamba pali laibulale ya Society of Malawi, mabuku akale onunkha fumbi, mamapu, zithunzi. Ndinalowa ngati wongosuzumira koma ndinatuluka akufuna kutseka. Mmenemo ndi momwe ndinaigwira bwinobwino nkhani yomwe kusukulu tinangoloweza kuti tikhoze mayeso, yoti usiku wa Loweruka pa 23 Januwale 1915 gulu la anthu a John Chilembwe linanyamuka ku Mbombwe ku Chiradzulu, komwe kuli mishoni yake ya Providence Industrial Mission (PIM), wapansi, mumdima, m'kati mwa dzinja, kudzathyola sitolo ya Mandala kuti atengemo mfuti ndi zipolopolo. Sizinayende mmene ankafunira, anthu anadzidzimuka msanga, iwo anathawa ndi mfuti zowerengeka chabe, ndipo masiku otsatirawo azungu a mtauni anadzadzitsekera pa Mandala pomwepa poopa kuti abweranso. Tchuthi cha Chilembwe timapuma pa 15 Januwale nde ambirife timangoti zinachitika tsiku limenelo, koma ayi, zinayamba pa 23.

Chomwe chinandikola m'mutu si mfutizo koma mtundawo. Chiradzulu mpaka Mandala usiku umodzi, pa matope, kenako kubwereranso akukuthamangitsa. Ndinati iyayi, mtunda umenewu ndiumve ndi miyendo yanga, ngakhale pa njinga. Ndinaimbira alamu anga, achimwene awo a madamu, amakhala ku Bangwe, ndi mkulu wa mpingo ndipo ali ndi Humber yakuda ija yopanda giya yomwe yanyamula matumba a feteleza kwa zaka zosawerengeka.

"Alamu, Loweruka tipite ku PIM pa njinga."

"Kwagwa zovuta?"

"Ayi, kukangoona."

"Kukaona chani, tchalitchi? Mesa ku Chilomoni kwanuko matchalitchi ali mbwee?"

Anavomera nditalonjeza tchipisi ndi Fanta.

Tinagwirizana kuti ine ndiyambire pa Mandala penipeni, iwo ndiwapeze mu Limbe. Unali mwezi wa Julayi, Chiperoni atachita kukhala pansi, kamvula kaja kosanyowetsa koma kolowa mpaka m'mafupa, 5 koloko itangodutsa ine ndili kale pageti ndi majekete awiri, botolo la madzi, pampu ndi mandasi anayi m'jumbo. Amene simunapalaseko mu Blantyre simudziwa kuti kuchoka mtauni kupita ku Limbe ndi chitunda chokhachokha, pa minibasi sichioneka, umangoti msewu wa Chipembere ndi wosalala, koma pa njinga Ginnery Corner, Chichiri, pa chipilala cha ufulu paja, Maselema, ponseponse msewu umachita ngati wina wakugwira malaya kumbuyo. Kumanjako kuli Kanjedza, nako kuli nkhani yake, pa 3 Malichi 1959 atsamunda atayamba kugwira anthu a Congress ambirimbiri anakawatsekera pa kampu ya kumeneko, Kamuzu anamutenga kunyumba kwake mu Limbe momwemu mbandakucha nkumuulutsira kundende ya ku Gwelo, m'dziko lomwe pano ndi Zimbabwe. Koma imeneyo ndi ya tsiku lina, apa nkuti ndili wefuwefu.

Alamu ndinawapeza atafika kale, jekete la suti, chipewa cha ubweya, buluku atalipisa m'masokosi kuti tcheni chisalidye. Tinalowa msewu wa Midima kukuyera. Nthawi imeneyo msewu si wa ife opalasa chifukwa adokotala anena, ndi wa anthu a ntchito. Njinga zinkabwera mondondozana kulowera mtauni, wina matumba atatu a makala atawasanja mpaka kupitirira mutu, wina nkhuni, wina madengu a tomato ndi kabichi, pachitunda amatsika nkumakankha, phewa lili pa thumba, mutu pansi, patapata atatha kuchidendene, thukuta lili chuchuchu ngakhale kukuzizira chonchija. Ine ndi helemeti yanga yofiira ndi magolovesi ndinachita manyazi ndithu. Mmodzi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato amvekere "bwana, bola inu mukuchita kufuna." Sindinayankhe, panalibe choyankha.

Ndipo musanamizidwe ndi magiya. Chitunda chilichonse alamu ankandisiya, amangoimirira pa mapedulo Humber ija ikulira kwii kwii, ine kumbuyo ndikusinthasintha magiya ngati ndikufuna wayilesi yomveka bwino. Pamwamba ndimawapeza atakhala pa keliyala akundidikira, "alamu, njinga yodula chonchi ikukanika?"

Titakhota pa Nguludi Turn-off anati tisiye msewu waukulu iwo akudziwa zachidule. Zachidule za alamu anga ndimazidziwa, sizifupikitsa ulendo, koma tsiku limeneli sindinadandaule chifukwa mpamene dziko linatseguka. Chifunga chinayamba kunyamuka, phiri la Malabvi kumbuyo kwathu, la Chiradzulu kutsogolo likutuluka pang'onopang'ono, minda chimanga anakolola kale mwangotsala nandolo ali chiriri, m'madimba amayi akuthirira ndi makeni, anyamata akuumba njerwa, ana akutithamangira kumbuyo akukuwa. Pena tinapeza masamba aikidwa pamsewu, alamu anatsika msanga nkuvula chipewa, ine nane kutsika, kumasula helemeti, kukankha mwakachetechete mpaka titadutsa masamba achiwiri, azibambo ali pansi pa mtengo, nyimbo ikumveka chapansipansi m'nyumba ya siwa. Tikukweranso ndinawauza alamu zomwe ndinawerenga, kuti nthawi ya Chilembwe munthu wakuda ukakumana ndi mzungu panjira unkayenera kuvula chipewa, kaya ndi mwana wamng'ono kwa iwe, ndipo nkhani ya chipewayi inkawawa anthu kwambiri moti inatuluka ngakhale pa kafukufuku yemwe boma linachita zipolowe zitatha. Nchifukwa chake chiboliboli chomwe Samson Kambalu anapanga, chija chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu 2022, chikuonetsa Chilembwe ataima ndi mzungu John Chorley chipewa chili pamutu, kutengera chithunzi cha 1914. Alamu amvekere "kuvulira maliro ndi ulemu, kuvulira munthu wamoyo chifukwa cha khungu ndi ukapolo," nkuvala chipewa chawo kuchikokera mpaka m'makutu.

Tayala lakumbuyo linaphwa tisanapite patali. Chubu chapadera ndinali nditachisiya patebulo kunyumba, madamu ananditumizira chithunzi chake pa WhatsApp popanda mawu aliwonse. Mwayi wake kumudzi wokonza njinga sasowa, tinakankha pang'ono nkupeza kamsika, pansi pa mtengo wa mango pali mnyamata ndi bokosi la masipanala, beseni la madzi akuda ndi mulu wa machubu akale. Ine anthu amenewa ndimakonda kuwaonerera. Anaigadabuza njinga miyendo m'mwamba, kutulutsa chubu ndi michira ya masipuni awiri, kupopa, kumiza m'beseni pang'onopang'ono akuzunguza mpaka tithovu tinayamba kutuluka, apo anabayapo kamtengo ka machesi kuti pasasowe, kupukuta ndi malaya ake omwe, kukwecha ndi kamwala, kudula chigamba ku chubu chakale, kupaka guluu uku ndi uku nkumauzira ngati phala la mwana, kenako kumata nkukhomerera ndi sipanala. Asanabwezeretse anayendetsa chala mkati mwa tayala monse mpaka anatulutsa kaminga kakang'ono ngati nsonga ya singano nkundipatsa m'manja, akuti katengeni mukakasunge.

Pa benchi pambali panali agogo ena, bawo ili pamiyendo akudikira mnzawo, jasi lalitali, ndodo atatsamiritsa pa mtengo. Titapatsana moni anandiyang'ana nkufunsa kuti achimwene, chisoti cha njinga yamoto pa njinga yakapalasa, mukuloza kuti? Nditawauza kuti ku PIM anaseka mpaka kutsokomola. "Kumeneko anthu amapita mu Januwale, pa magalimoto, ndi apolisi kutsogolo. Inu mu Julayi pa njinga, mwasochera mwezi."

Ndinawafotokozera za Mandala, za anthu oyenda usiku aja, ndipo nditangotchula kuti nthawiyo kunali nkhondo yoyamba ya dziko lonse anandidula. "Ya Chiwaya? Bambo anga anapitako." Anaika bawo pansi. Akuti mfuti sanaigwire, anali a tengatenga. Amfumu ankauzidwa kuti apereke anthu angapo, mukazemba akupezani usiku m'nyumba, ena ankathawira kuphiri kukagona kumapanga mpaka olemba anthuwo atadutsa, koma bambo awo anawagwira akuchokera kudimba khasu lili paphewa, sanatsanzike ndi kunyumba komwe. Ulendo wa ku Zomba, kuchoka apo Fort Johnston komwe pano timati Mangochi, uko nkukwera sitima ya panyanja mpaka kumpoto, kenako wapansi m'dziko la Jeremani, bokosi pamutu, m'mawa mpaka madzulo, mapiri, mvula, mitsinje. Chomwe chinali m'bokosimo sanachione ndi tsiku limodzi lomwe. Chakudya chochepa, nthawi zina chosapsa chifukwa nkhuni zanyowa, kamwazi anagwetsa anthu ambiri kuposa chipolopolo, ndipo munthu akagwa katundu wake ankagawana otsalawo mzere nkumapitirira. Anabwera patatha miyezi yambiri anthu atawalira kale, ndipo atangofika kunagwanso chimfine chija cha 1918 chomwe chinalowa m'midzi nkutenga ena omwe nkhondo inawasiya.

Kenako agogo aja anavula kapusi yawo nkudzigwira pa liwombo. "Apa bambo anga panalibe tsitsi. Osati dazi la ukalamba ayi, m'mbali monse tsitsi linalimo, koma apa pokha panali posalala ngati chikhatho, ndili mwana ndinkakonda kupasisita iwo akawodzera. Ndipo mpaka kumwalira kwawo sanasenzenso kanthu pamutu. Mtolo wa udzu, thumba, chilichonse, paphewa kapena kukoka pansi. Amayi ankawanena kuti ndi matama." Mnyamata wokonza njinga uja anali atasiya kupopa akumvetsera, ndipo ndinaona kuti naye nkhaniyi akuimva koyamba ngakhale agogowa amakhala pa benchi yake tsiku ndi tsiku.

Za nkhondo imeneyi ambirife timangodziwa kuti inali ya azungu ku Ulaya, koma inafika kuno msanga zedi. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi ya Guendolen inakaombera sitima ya Majeremani ya Hermann von Wissmann kutsidya kwa nyanja yathu yomweyi, mfuti yake ili pa Mangochi pafupi ndi nsanja ya wotchi ija. Pa 9 Seputembala chaka chomwecho kunamenyedwa nkhondo ku Karonga. Kuyambira 1916 gulu la General Northey litalowa m'dziko la Majeremani, lomwe pano ndi Tanzania, kukasaka mkulu wa asilikali a Majeremani von Lettow-Vorbeck, kunalibe misewu yoti galimoto nkudutsa, ng'ombe ndi abulu zinkafa ndi kashembe, nde chilichonse, ufa, zipolopolo, matenti, mankhwala, chinkayenda pamutu pa munthu. Amuna a Nyasaland omwe analowa usilikali wa King's African Rifles (KAR) anali pafupifupi 19,000, koma a tengatenga anali pafupifupi 200,000, m'dziko lomwe anthu ake onse ankangopitirira pang'ono 1 miliyoni. Tangoganizani mudzi wanu mutachotsamo amuna amphamvu nthawi yolima. Asilikali ali ndi chipilala chawo chachitali ku Zomba, china chili ku Area 18 ku Lilongwe, ndipo chaka chilichonse mu Novembala kumaikidwa nkhata. Nzabwino, akuyenera. Koma m'midzi yonse yomwe ndadutsa pa njinga chaka chino sindinaonepo ndi mwala umodzi womwe wolembedwa za a tengatenga, chomwe ndapeza ndi liwombo la bambo a agogo aja, ndipo nalo lili m'mutu mwa munthu mmodzi wa zaka za m'ma 80.

Polipira ndinatulutsa K2000, agogo aja anaisuzumira amvekere "si ameneyo mukukamufunayo, muli naye kale m'thumba." Chenji panalibe, tinatengera nzimbe.

Ku Mbombwe tinafika cha m'ma 10 koloko dzuwa litatuluka. Sindinama, poyamba ndinangoti basi ndi pompa? Pamalo pali phee, tchalitchi chachikulu cha njerwa, sukulu, chipilala chomwe akuluakulu amaikapo nkhata mu Januwale, mbuzi zikudya msipu, kwaya ikuphunzira nyimbo mkatimo, mayi wina akusesa. Tinapempha kaye chilolezo tisanayambe kujambula, ndipo chonde mukapita chitani chimodzimodzi, ndi pamalo opempherera anthu, si pa paki. Tinakhazika njinga pa mtengo nkukhala pansi kudya mandasi aja ataphwanyika kale m'jumbo.

Chilembwe anayambitsa Providence Industrial Mission pamenepa mu 1900 atabwerako ku America, komwe anapita ndi mmishonale Joseph Booth mu 1897 nkukaphunzira zaubusa ku Lynchburg, Virginia. Ankafuna anthu ophunzira, ovala bwino, olima ndi kuchita malonda paokha, ndipo anamanga tchalitchi cha njerwa chomwe chinkapikisana ndi cha azungu. Koma chomwe mukuchiona lero si chimenecho. Chake chija boma linachiphulitsa ndi mabomba zipolowe zitatha, mishoni inatsekedwa mpaka 1926 pomwe Dr Daniel Malekebu anabwera kuchokera ku America nkudzaitsegulanso. Nditakhala pamenepo mpamene nkhani ya agogo aja ndi ya Chilembwe zinalumikizana m'mutu mwanga, chifukwa nkhondo ya ku Karonga itangochitika, mu Novembala 1914, Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akukafera nkhondo yomwe si yawo, kuti olemera ndi eni minda ndi eni masitolo ndi amene apite akaomberedwe, osati amphawi omwe akafa amangosiya akazi amasiye ndi ana amasiye. Boma linaitsekereza kalatayo kuti isafalikire. Apo nkuti kugwira anthu a tengatenga kusanafike poipa penipeni. Munthuyu anaziona zikubwera.

Apa mpamene ine ndi alamu tinakangana, ndipo mkanganowo sunathe mpaka lero. Usiku womwe gulu lina linkapita ku Mandala, lina linapita ku Magomero, ku esiteti ya A. L. Bruce, komwe anthu, ambiri mwa iwo Alomwe ochokera ku Mozambique, ankagwira thangata, kulima thonje la mzungu ngati lendi ya malo okhala, mwezi womwe ankati umodzi nkumatalika mmene kapitawo wafunira. Woyang'anira wake William Jervis Livingstone, anthu ankamutcha Listonia, ankadziwika ndi nkhanza ndipo ankawotcha nyumba zopemphereramo za anthu a PIM pa esitetiyo. Anamupha usiku umenewo nkumudula mutu, anaphanso azungu ena awiri, Duncan MacCormick ndi Robert Ferguson, akazi ndi ana sanawapweteke. M'mawa mwake Lamulungu Chilembwe analalikira mutu uja uli pamtengo m'tchalitchi. Pa 26 anakawotcha mishoni ya Akatolika ku Nguludi, tinali titangodutsa kufupi nayo, nkuvulaza wansembe.

Alamu amvekere ayi, m'busa ndi m'busa, mutu wa munthu m'nyumba ya Mulungu zimenezo iwo sangazivomereze ngakhale munthuyo akhale pa ndalama. Ine ndimvekere alamu, nanga amene ankawotcha matchalitchi a anzake uja, nanga chikoti, nanga amuna onse aja okafera bokosi losadziwa mkati mwake? Iwo amvekere zonsezo nzoona koma za ku Nguludi bwanji, ansembe aja analakwanji? Pamenepo ndinakhala chete chifukwa nane za ku Nguludi zimandivuta. Chomwe ndimakana ine ndi kumusalaza munthuyu kuti akwane bwino pa kalendala, kungotsala tayi ndi kolala, ngati anali mphunzitsi wa Sande sukulu amene anangodzuka tsiku lina nkukhala ngwazi. Anali munthu wofika pakhoma, anachita zinthu zoopsa, ndipo ankadziwa kuti sapulumuka. Apolisi anamuombera pa 3 Febuluwale cha ku Mulanje akulowera kumalire a Mozambique nkumuika m'manda opanda chizindikiro. Omutsatira ambiri ananyongedwa kapena kuomberedwa, ena anthu ophunzira ndi opeza bwino ngati John Gray Kufa ndi Duncan Njilima, ena mazanamazana kundende, midzi kuwotchedwa. Mayi ankasesa uja anatimva tikukangana, anangoti "agogo anga ankati sanafe, anangowazimirira," nkupitiriza kusesa.

Ku Magomero sitinafike, ndi kutsogolo cha ku Namadzi ndipo miyendo yanga inali itayamba kale kulankhula. Ndikufuna ndidzapiteko padera chifukwa nkomwenso Bishop Mackenzie anamanga mishoni yake mu 1861, malo amodzi nkhani ziwiri.

Lonjezo ndi lonjezo, pobwerera tinaima pa kamsika ena alamu nkulandira tchipisi chawo. Tili chiimire pa chiwaya, mafuta akuthetheka, mnyamata akutembenuza mbatatesi ndi chipande chobowola chija, alamu anayamba kuseka okha. Akuti moyo wawo wonse akamva kuti Nkhondo ya Chiwaya ankaganiza za chiwaya chomwechi, kuti mwina anthu ankakazingidwa. Chikhalirecho chiwaya ndi dzina lomwe makolo anapatsa mfuti ija yolavula zipolopolo motsatizana. Ndinawauza kuti nawo magule a beni omwe timaonera kumaukwati ndi pa zisangalalo, mayunifomu, mamendulo, kuguba ndi wisulo, komanso malipenga akumpoto ndi mganda, ndi fungo la usilikali womwewo lomwe linatsalira m'midzi. Amvekere alamu mwayamba kuphunzitsa, onjezerani Fanta.

Tsopano chilungamo chake. Kubwerera sindinamalize. Tikufika pa Midima ntchafu zinali zitagwidwa, pokhalira pakuyaka moto, chitunda chilichonse ndikutsika nkumakankha ngati anzanga a makala aja koma ine wopanda thumba ndi limodzi lomwe. Alamu anandiperekeza mpaka pomwe tinapeza kalole kopita ku Limbe, njinga kumbuyo pamwamba pa matumba a nandolo, ine pambali pake nditagwira helemeti pamiyendo, iwo nkukwera Humber yawo ulendo wa ku Bangwe akuimba belu. Anthu a 1915 aja anayenda mtunda womwewu wapansi usiku, nkubwereranso asilikali ali pambuyo. Ine masana, magiya, mandasi, nzimbe, tchipisi, Fanta, ndinathera pa lole.

Usiku ndili gone pa mkeka miyendo ili pa mpando ndinaimbira mayi anga kumudzi ku Thyolo kuwafotokozera za agogo a liwombo aja. Anamvetsera, kenako amvekere "nanga amalume anga aja anapita ku Bama, sukuwadziwa?" Ine ndimvekere amalume ake ati, Bama yake iti? Akuti nkhondo yachiwiri, ya Hitler, analowa KAR ali mnyamata, anakwera sitima yapamadzi masabata angapo, anabwera ndi jasi, nsapato za jombo ndi malungo osatha, ndipo akaledzera ankalankhula Chiswahili nkumaguba pabwalo ana akuwatsatira. Zimenezi zikugwirizana ndithu, asilikali a kuno anamenya nkhondo ku Somaliland, ku Abyssinia, ku Madagascar mu 1942 ndi ku Burma mu 1944, dzina la Moyale Barracks ku Mzuzu linachokera ku nkhondo yomweyo kumalire a Kenya ndi Ethiopia. Ndinawafunsa kuti mayi, zaka zonsezi osandiuza bwanji? Amvekere "unandifunsapo liti?"

Kenako anati bokosi lawo lilipo, lachitsulo lija lili kuchipinda amasungiramo mbale za alendo. Bokosi limenelo ndimalidziwa bwinobwino, ndakhalirapo ndili mwana pomwa tiyi, ndinalipondapo pofuna kuba shuga pamwamba pa kabati. Akuti pambali pake pali manambala olembedwa ndi penti yoyera koma afufutika, iwo maso sakuonanso bwino, ndibwere ndidzawerenge ndekha. Alamu avomera kale, akuti Loweruka la pa mapeto a mwezi, kudzera Bvumbwe, koma ulendo uno akufuna nkhuku osati tchipisi. Chubu chapadera madamu achimangirira okha pansi pa chishalo ndi lamba wa chubu chakale.